Sabata Yothawa Moto pa Phiri la Zomba

Lolemba

Ndili paphiri! Ine amene, wophika wa kuseri kwa depoti, ndikulemba nditakhala pampando wansungwi, kamphepo kakundipita m'khosi ngati ndine mlendo wa pano.

Kope ili wandigulira ndi Tiyamike, mwana wanga. Akuti ndizilembamo mmene thupi likumvera tsiku lililonse. Chabwino, ndilemba. Koma ndilembanso zanga.

Nkhani yake ndi iyi. Lachitatu lapitali masana, ndili pachiwaya m'resitilanti ya Abiti Jafali, dziko linangozungulira kamodzi, ine n'kukhala pansi. Ine ndikuti ndinakhala pansi. Abiti Jafali akuti ndinagwa ngati thumba la mbatata. Anaimbira Tiyamike, Tiyamike anabwera panjinga yamoto, kuchipatala anandiyeza n'kunena kuti matenda palibe, koma thupi latopa ndi kutentha. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili m'khitchini ija. Denga lamalata lofika pamutu, mbaula zitatu, chiwaya, ndi kazenera kamodzi kangati envulopu. Okutobala aliyense amandipeza mmenemo. Wa chaka chino yekha ndiye wandigwetsa.

Tiyamike sanachedwe. Wandipezera malo kuno, paloji ina yaing'ono pakati pa mitengo ya paini. Wophika wawo anapita kwawo osabwerera. Andiyesa sabata imodzi, akakhutira ntchito ndi yanga. Sabata ino kuli aphunzitsi a kukoleji khumi ndi awiri, abwera kudzachita msonkhano.

Pulani yanga:
1. Kuphika osatuluka thukuta.
2. Kusangalatsa a Mhango, manijala, mpaka andilembe ntchito.
3. Kunenepako pang'ono.
4. Kusaganiza za Abiti Jafali.

Abiti Jafali ponditsanzika m'mawa: "Pitani, amake Tiyamike. Kumeneko n'kwa azungu ndi anyani, mukasankhe nokha mbali." Sanandiyang'ane. Amasankha mpunga umene anali atasankha kale.

Khitchini ya kuno, abale! Matailosi oyera mpaka m'khoma. Mazenera atatu, onse otsegula. Fuliji yaitali kuposa ine. Kuka wamagetsi wa mapuleti anayi, uvuni pansi pake. Ndayang'ana kudenga kufuna mwaye. Palibe!

Folo koloko yakwana bulauzi yanga ili youma. Ndainunkhiza. Ikununkhirabe sopo.

Pansipo tauni yonse ikuoneka, malata akung'anima ngati akukazingidwa. Ndayesa kupeza denga lathu, ndalondola msewu ndi maso kuchokera pamsika. Mfundo yachinayi yavuta kale.

Lachiwiri

Mphepo ya m'mawa kuno imaluma. Madzi a pampopi ngati singano. Ndasenda mbatata zisanu, zala zakana, zauma ngati mapensulo. Ndaziika m'khwapa. A Makwinja, bambo wachikulire amene amasamala maluwa ndi kuwaza nkhuni, andipeza ndili choncho. "Achemwali, uku ndiye kutenthatu. Mudzaone mu Juni."

Juni!

Kuka uja sitikumvana. Moto suoneka. Pali manambala basi, wani mpaka sikisi. Makala amakuuza zimene akuganiza, akafiira, akachita phulusa, akayamba ulesi. Uyu ali duu ngati mlamu wokwiya. Ndiye ndachita zimene munthu aliyense angachite, ndakhudza puleti ndi chikhatho kuti ndimve ngati yatentha. Kukhudza pang'ono chabe. A Mhango akulowa nthawi yomweyo. "Mama! Mama! Mufa!"

Sindinafe. Puleti inali isanafike n'komwe.

Zina zimene a Mhango aona lero n'kugwira pamtima:
- kutembenuza chapati ndi zala
- kuphula poto wa nyemba popanda nsanza
- kutola mandasi awiri pamwamba pa mafuta, chifukwa supuni inali kutali
- kulawa supu pachikhatho

Kwathu izi ndi ntchito chabe. Abiti Jafali amasuntha khala lamoto ndi chala uku akukamba za mtengo wa tomato.

Masana a Mhango abwera ndi magolovesi. Aakulu, ofiira, athonje, ngati a anthu ankhonya. "Lamulo la pano, mama. Chonde." Munthu waulemu, sungamukanire. Ndavala. Ndanyamula poto wa nyama yambuzi. Sindikumva chogwirira, sindikumva poto, sindikudziwa ngati manja ndili nawo. Poto uja phu! pansi. Matailosi oyera aja msuzi wokhawokha.

Zaka zonsezi sindinatayepo ndiwo. Lero, tsiku loyamba kutetezedwa, ndataya mbuzi.

Aphunzitsi adya mazira.

Za thupi, poti Tiyamike akufuna. Chizungulire: palibe. Thukuta: palibe. Njala: ilipo, koma manyazi achuluka.

Lachitatu

Ndagona ndi sokosi za malemu abambo ake Tiyamike. Zinali pansi pa chikwama chimene ndabwera nacho. Munthu uja akundithandizabe.

M'mawa mlendo pazenera. Pusi wamkulu, wa nkhope yakuda. Ndangophula mandasi, ndatembenuka kutenga shuga, iye dzanja m'beseni. Watola limodzi, walitaya pomwepo, akupukusa dzanja, akundiyang'ana ngati ndamulakwira ndine. Wathawira mumtengo n'kumanyambita zala. Sanabwerenso.

Lero ndinati ndikonze mbiri. Mpunga woyera mbee, nkhuku yalokolo, nyemba, mpiru wotendera. Mbatata za kuno n'zabwino, a Makwinja amakumba kuseri komweku, dothi likadali lonyowa. Zonse zatheka.

Vuto labwera ndi supu. A Mhango anali pafoni, ndiye mbale ndapereka ndekha. Pali bambo wina wadazi amene onse amati a Pulofesa, amayankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata ya boma. Atambasula manja kuti alandire mbale yachitsulo. Afunsa, "Yatentha?" Ine ndi mtima woona: "Ayi bambo, yangofunda."

Sindinkadziwa kuti munthu wophunzira choncho angadumphe choncho. Mbale m'mwamba, supu pamapepala, a Pulofesa akupukusa zala ngati pusi wa m'mawa uja, akutukwana m'Chilomwe chenicheni cha kumudzi. Anzawo akuti zaka zonsezi sankadziwa kuti amachiyankhula.

Ndapepesa nditagwada. Ati palibe kanthu, zala zili m'kapu yamadzi.

Madzulo mmodzi wa aphunzitsiwo, mayi wamfupi wamagalasi amene amamutchula Adokotala, abwera kukhitchini. Akuti amaphunzitsa za thupi la munthu. Apempha kuona manja anga. Awatembenuza, adina zikhatho, asisita zipsera. Afunsa ngati ndinabadwa choncho. Ndaseka. Mwezi wanga woyamba kwa Abiti Jafali manja anali matuza okhaokha, ndinkafika kunyumba n'kuwaviika m'ndowa ndikulira. Palibe tsiku limene ndingati zinasintha. Ndinangoona kuti ndasiya kufunafuna nsanza. Afunsa ngati ndimamva kuwawa. Ndati ndimamva, koma mochedwa, ntchito itatha.

"Manja anuwa amapsa ngati a wina aliyense, amayi," atero. "Kungoti khungu lakhuthala, ndipo anasiya kudandaula."

Malemu ankanena zomwezo za makutu awo.

Lamulo latsopano la a Mhango: chilichonse chimene ine ndanena kuti changofunda, chidikire mphindi khumi.

Tiyamike waimba. "Amayi, mukupuma bwino?" Ndati kwambiri. Ndipo n'zoona. Mpweya ukununkhira paini, mbalame zikuimba, palibe kondakitala wokuwa "Limbe! Limbe!" pakhomo. Kungoti kuli zii. Ndaphika tsiku lonse popanda wondiuza kuti mchere wachepa.

Lachinayi

Chizimalupsa! Mvula yagwa m'bandakucha, kenako chifunga chabwera n'kukhala pakhonde ngati chatenga chipinda. Tauni sikuoneka. Mtengo wa pakhomo sukuoneka. A Makwinja ndikuwadziwira kutsokomola basi.

Zimene ndavala:
- madiresi awiri
- zitenje zitatu, chimodzi m'khosi
- sokosi zija
- jekete ya a Makwinja yonunkha utsi ndi fodya
- magolovesi ofiira (tsopano ndadziwa ntchito yake)

Mphuno ikuchucha. Mawondo akuwawa, amene sanawawepo chibadwire. Mtanda wa mandasi wakana kufufuma, wangokhala m'beseni kundiyang'ana. Kwathu umafufuma munthu usanatembenuke.

Ndiye ndaganiza nzeru. Mazenera onse atatu ndatseka. Chitseko ndatseka, pansi pake ndatsindira chiguduli. Mapuleti onse anayi pa sikisi. Uvuni ndayatsa n'kumusiya chotsegula. Ketulo. Kachitsulo kootchera buledi, nakonso.

Patapita theka la ola, aaa! Moyo! Jekete pansi, chitenje cha m'khosi pansi. Mtanda wadzuka. Ine ndayamba nyimbo yakwaya, mawu a alito. Thukuta loyamba latsika kuseri kwa khutu, ndalilandira ngati m'bale wochokera ku Joni.

A Mhango atsegula chitseko. Magalasi awo achita chifunga pomwepo. Akupapasa khoma. "Mama, kukupsa chiyani?" Ndisanayankhe, kwinakwake kwamveka thu! Magetsi onse zii. Fuliji yasiya kulira. Kuholo aphunzitsi akuwa onse pamodzi, chifukwa a Pulofesa anali pakati poonetsa zithunzi zawo pakhoma.

A Makwinja akuti nyumba zina zonse paphiri pano magetsi akuyaka. Ndife tokha. Ndine. Chinachake chapserera m'kabokosi ka mawaya. Wokonza ali m'tauni, akuti msewu ukuterera, abwera mawa kapena mkuja.

A Mhango sanakalipe. Bola akanakalipa. Angokhala pampando wa m'khitchini, avula magalasi, akuwapukuta, akuwapukutabe.

Mfundo yoyamba yagwa. Yachiwiri ikudwala mwakayakaya.

Chakudya chamadzulo: buledi, nthochi, ndi masitirobeli ogula mumsewu. Aphunzitsi adya atafunda mabulangete.

Lachisanu

Magetsi kulibe. Anthu khumi ndi awiri akufuna tiyi. A Mhango akuyenda uku ndi uku, foni pakhutu.

Ndafunsa a Makwinja: "Achimwene, shedi ya nkhuni ija ili ndi denga?" Ili nalo, lamalata. Tasuntha nkhuni mbali imodzi, tapanga mafuwa awiri ndi njerwa. A Makwinja abweretsa chiwaya chawo chokazingira mtedza, ndachikwecha ndi mchenga mpaka chayera.

Moto weniweni! Wooneka, wolira! Paini amayaka msanga n'kutha msanga, ndiye pansi ndaika zikuni za bulugamu.

Zimene zatuluka m'shedi lero:
- tiyi wa kautsi pang'ono
- mandasi ofufuma, beseni lonse
- tchipisi
- mpunga
- mbuzi ina (iyi yafika patebulo)

Aphunzitsi ayamba kubwera mmodzimmodzi, ati kudzaona. Kenako abwera ndi mipando. Pofika leveni koloko msonkhano wonse uli m'shedi, mapepala pamawondo, akukangana za mayeso uku akuwotha moto. A Pulofesa apempha mandasi kachitatu. Alandira ndi mpango.

Ine pakati pa mafuwa awiri, nkhope ikuyaka, msana wanyowa, mawondo aiwala kuwawa. Wina wakuwa kuti mchere wachepa mutchipisi. Ndatsala pang'ono kumukumbatira.

Kenako, cha m'ma wani koloko, chija chabweranso. Shedi yapendekeka. Mawu a anthu apita kutali ngati ndili pansi pa madzi. Ndagwira mzati. Ulendo uno ndakhaladi pansi, ndekha, pachitsa.

Adokotala afika msanga, popanda phokoso. Anditulutsira panja pamphepo, andimasula duku. "Mwamwa chiyani chiyambire m'mawa?" Ndaganiza. Ndalawa supu. Ndalawa tiyi kuona ngati shuga wakwana. "Madzi?" Ayi. "Mwadya?" Ndati ndalawa zambiri. "Nanga kutauni kuja mumamwa kangati?" Ndati ndikaweruka, chifukwa chimbudzi chili kutali ndipo mafuta ali pamoto sungawasiye.

Andimwetsa makapu awiri pang'onopang'ono, ina yothira kamchere ndi shuga. "Manja anazolowera moto, amayi, koma thupi silizolowera ludzu. Mukapitiriza chonchi, tsiku lina mudzagwera m'chiwaya, osati pambali pake." Anena motsitsa, osaseka. Ndisaname, ndachita mantha. Ndaona mafuta aja m'maso mwanga. Ndakhala panja ola lathunthu, a Makwinja akutembenuza tchipisi ataima patali ngati chiwaya chiwaluma.

Tiyamike waimba madzulo. "Kukuzizira bwino?" Ndati kwambiri, uku ndikufinya duku.

Loweruka

Wokonza magetsi wafika naini koloko panjinga yamoto. Kumbuyo kwake, atakumbatira jumbo, Tiyamike! Wabwera ndi juzi yatsopano yabuluu, akuti amayi anga akuzizidwa.

Wandipeza m'shedi. Utsi, mafuwa awiri, ine mikono ya bulauzi yopinda, ndikutola tchipisi ndi zala.

Waima pakhomo, juzi m'manja. "Amayi, phiri lonseli, inu mwapezamo malata?"

Ndayesa kuseka. Iye ayi. Wandikokera kuseri kwa shedi. "Tsiku lija anandiimbira ndili kuntchito, anangoti bwera, amako agwa. Njira yonse ndinkaganiza kuti ndikakupezani atakufunditsani nsalu. Inu mukuona ngati nthabwala." Walira. Ndamupukuta ndi chitenje changa, ndamusiyira mwaye patsaya. Ndamuuza za dzulo, zonse, osabisa kanthu. Wakwiya kachiwiri. Kenako wapita yekha kwa Adokotala, akhala pakhonde nthawi yaitali, Tiyamike akulemba pafoni.

Masana, magetsi atayaka, a Mhango andiitanira kuofesi. Akuti aphunzitsi ayamikira chakudya, makamaka chadzulo. Akuti ntchito ndingaitenge, pokhapokha:
- magolovesi nthawi zonse
- mazenera otsegula
- mapuleti awiri okha nthawi imodzi
- shedi ndi ya nkhuni
- mbale azipereka okha

Ndayang'ana pazenera. Kwayera, tauni ikuonekanso. Ndaganiza za Juni. Ndaganiza zophika zaka zanga zotsala ndili ndekha m'chipinda choyera, ndikucheza ndi fuliji. Ndati, "Bambo, mwandisunga bwino, Mulungu akudalitseni. Koma mupeze wina."

A Mhango ayesetsa kuoneka achisoni. Ayesetsa ndithu. Koma mapewa awo atsika ngati munthu amene watula mtolo, ndipo andigwira chanza ndi manja awiri kanthawi ndithu.

Tiyamike wandikwiyira mpaka dzuwa kupendeka. Kenako wabwera ndi foni, wayamba kuwerenga malamulo ake. Botolo lalikulu la madzi, lithe kawiri patsiku. Kudya m'mawa, chakudya chenicheni, nditakhala pansi. Ola lililonse kutuluka panja. Dzuwa likafika pamutu chiwaya chipume. Ndipo Abiti Jafali aboole khoma, aike zenera lenileni. Wawaimbira pomwepo ine ndikumva. Abiti Jafali akukuwa pafoni: "Ndiboola lero lomwe, mwanangu! Amene ndinamutenga m'malo mwa amako wathawa Lachinayi, akuti muno ndi ku Jahanamu!"

Sabata ino aliyense ali ndi malamulo a ine. Awa okha ndawavomera, chifukwa wowerengayo mawu ake amanjenjemera.

Juzi ndavala. Ndi yofewa, yokongola. Ndayenda nayo mpaka kudamu ndi Tiyamike, madzi ali phee, mitengo ikudziyang'ana mmenemo. Wandigwira mkono njira yonse ngati ndine agogo. Ndamulola.

Lamulungu

Tatsika m'mawa pagalimoto ya loji. A Makwinja andiikira kathumba ka mbatata kumbuyo. A Pulofesa anditsanzika manja ali m'thumba.

Kona iliyonse ndikuvula kanthu. Yoyamba juzi. Yachitatu chitenje cha m'mapewa. Pofika m'munsi kutentha kwatilandira kumaso ngati wina watsegula uvuni. Tiyamike akudzikupiza ndi pepala, akudandaula. Ine mphuno yauma yokha, mawondo ali bwinobwino. Ndangokhala chete kuti ndisamukwiyitse.

Basi, ndi mmene ndiliri. Phiri n'lokongola, ndizidzaliyang'ana ndili pansi.

Potuluka m'tchalitchi ku Chikanda ndadzera kuresitilanti, kungopereka moni. Abiti Jafali andiona. Andipatsa kapu yamadzi n'kuima pomwepo mpaka ndamaliza. Kenako yachiwiri. "Mwana wanu wandiopseza ndi apolisi," atero. Taseka mpaka kutsokomola.

Zenera aboola, zoona. Lalikulu, munthu angadutsepo ndi dengu pamutu. Mmisiri wasankha khoma losavuta, lakumadzulo. Kuseri kwa khoma limenelo n'kumene a Yusufu amaotcha kanyenya, mbaula ziwiri zazitali, kuyambira teni koloko mpaka kuda. Moto wawo ndi utsi wawo zikulowa bwinobwino, pamodzi ndi dzuwa lonse lamasana. A Yusufu alowetsa mutu pazenerapo n'kutipatsa moni.

Taima tonse awiri kuliyang'ana. Abiti Jafali akuti mawa titsekepo ndi katoni. Ine ndati ayi, lisiyeni kaye. Tiyamike akubwera Lachiwiri kudzaliyeza ndi tepi.